Kafukufuku azifika munda usanapite

LICHINGA — Ndi midzi yowerengeka ya m'mbali mwa mseu wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba mpaka ku Lichinga imene sinalandirepo alendo a makope ndi zolembera. Amafika pa galimoto yoyera, amayamba alonjera amfumu monga mwa mwambo, kenaka amakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kuyamba mafunso: munda ndi waukulu bwanji, chaka chatha munatuluka matumba angati, mbuzi zilipo zingati, ana amadya kangati pa tsiku. Masiku ano makope aja anasanduka matelefoni, koma mafunso ndi omwe aja. Dzuwa likapendeka alendowo amatsazika, ndipo kawirikawiri nkhani imathera pomwepo. Mai amene anasiya khasu m'munda kuti akayankhe mafunso sadzamvanso kumene mayankho ake anapita.

N'chifukwa chake anthu ambiri a m'malire amaona kafukufuku ngati ntchito yodyerapo ophunzira basi. Kudandaula kwao n'komveka, komabe mlandu suli pa kufufuzako. Mbiri ya chigawo cha Niassa ikusonyeza kuti chimene chavulaza alimi kwambiri ndi mapulani a chitukuko amene anagamulidwa kaye m'maofesi a kutali, ofufuza n'kutumizidwa pambuyo kuti akapeze umboni wogwirizana ndi zimene akuluakulu anasankha kale. Kumene kufufuza kunatsogola ndipo lamulo linatsatira, zinthu zinayenda mwa mtundu wina.

Chitsanzo chachikulu ndi ProSAVANA. Mu Seputembala 2009 maboma a Moçambique, Brazil ndi Japan anasainirana pangano lotukula ulimi m'dera lotsata njanji ya Nacala. Deralo linadzakhala la maboma 19 a m'zigawo za Nampula, Zambézia ndi Niassa, ndipo a ku Niassa anali Cuamba, Mecanhelas, Mandimba, Ngauma, Majune, Sanga ndi dera lozungulira Lichinga, limene tsopano ndi boma la Chimbunila. Maganizo ake anachokera ku Brazil. Kumeneko kuli chipululu chachikulu chotchedwa Cerrado, chimene kuyambira m'ma 1970, ndi thandizo la ndalama za Japan, chinasanduka minda ikuluikulu ya soya yolimidwa ndi makina. Akuluakulu atayang'ana pa mapu anaona kuti kumpoto kwa Moçambique kuli pa mzere umodzi ndi Cerrado, ndipo anati dzuwa ndi lomwelo, mvula ndi yofanana, choncho zimene zinatheka uko zithekanso kuno.

Mapu sasonyeza manda a makolo, sasonyeza dambo lodyetsako ng'ombe, ndipo sasonyeza tsala. Munthu woyang'ana ali m'ndege amaona tchire lopanda mwini, pamene mwana aliyense wa m'mudzimo amadziwa kuti malowo ndi a banja lakutilakuti, anagonekedwa zaka zinai kapena zisanu kuti nthaka ibwerere mphamvu. Kwa mlimi amene sangathe kugula feteleza, tsala ndiye feteleza wake. Kumulanda tsala ponena kuti sakuligwiritsa ntchito n'chimodzimodzi kumulanda nkhokwe chifukwa lero sakutapamo. Cerrado inali ndi anthu ochepa, ndipo ngakhale ochepawo ambiri anakankhidwira kumbali. Dera la njanji ya Nacala lili ndi anthu mamiliyoni, ndipo Nampula ndi Zambézia ndizo zigawo za anthu ambiri m'dziko lonse.

Chomvetsa chisoni n'chakuti umboni wochenjeza unalipo kale pangano lija lisanasainidwe. Kwa zaka zambiri akuluakulu ankabwereza mau akuti Moçambique ili ndi mahekitala 36 miliyoni a nthaka yolimika ndipo yambiri ingokhala. Koma mu 2008 boma lenilenilo litayesa malo m'dziko lonse, linapeza kuti amene akanapatsidwa kwa olima minda ikuluikulu anali pafupifupi mahekitala 7 miliyoni okha. Mu 2009 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse pamodzi ndi bungwe la FAO inatulutsa lipoti lonena za ulimi m'madera a tchire a mu Africa, ndipo Moçambique inali limodzi la maiko atatu amene anaunikidwa. Lipotilo linayerekeza njira ziwiri: ya Cerrado, ya minda ikuluikulu, ndi ya kumpoto chakum'mawa kwa Thailand, kumene alimi ang'onoang'ono ndiwo anakweza ulimi wa chinangwa ndi mpunga mpaka kugulitsa kunja. Olembawo anaona kuti njira ya alimi ang'onoang'ono imagawa phindu kwa anthu ambiri. Mbali ya lipotilo imene inamveka kwambiri m'misonkhano ndi ija yakuti Africa ili ndi malo ambiri ogona, pamene mbali ya Thailand inatsala m'kabati.

Sikuti mu ProSAVANA munalibe ofufuza. Kuyambira 2011 akatswiri a bungwe la boma lofufuza za ulimi la IIAM, pamodzi ndi anzao a Embrapa ochokera ku Brazil ndi a JIRCAS ochokera ku Japan, ankayesa mbeu ndi nthaka m'minda yoyeserera ya ku Nampula ndi ya pano pa Lichinga. Imeneyo inali ntchito yabwino, ndipo kuyesa mtundu wa chimanga kapena soya woyenera mapiri ozizira a Lichinga sikulakwira munthu. Koma funso limene anapatsidwa linali lakuti ndi mbeu ziti zingabereke bwino kuno. Funso limene linkasowetsa anthu tulo ku Ngauma ndi ku Majune, lakuti malowo ndi a yani ndipo adzalima ndani, linali m'manja mwa ena olemba pulani yaikulu, amene zolemba zao sizinkaonetsedwa kwa eni nthaka.

Zotsatira zake anthu akuzikumbukira. Mu Okutobala 2012 bungwe la alimi la UNAC linatulutsa chikalata chokana ntchitoyo. Mu 2013 zolemba za pulani yaikulu zinatuluka mobisa, ndipo anthu anawerengamo za kugawa dera m'zigawozigawo ndi kukopa makampani akuluakulu. Pa 28 Meyi chaka chomwecho mabungwe analembera kalata Pulezidenti Armando Guebuza, Pulezidenti Dilma Rousseff wa Brazil ndi nduna yaikulu ya Japan Shinzo Abe kupempha kuti ntchitoyo iime. Pulaniyo inalembedwanso kuti ikambe za alimi ang'onoang'ono, ndipo mu 2015 kunachitika misonkhano yomva maganizo a anthu m'maboma, koma chikhulupiriro chinali chitatayika kale ngati madzi. Mu 2018 bwalo la milandu ku Maputo, pa dandaulo la bungwe la maloya, linalamula unduna wa za ulimi kuti uulule zolemba za ProSAVANA. Mu Julaye 2020 boma linalengeza kuti ntchitoyo yatha.

Pano chilungamo chikufuna mau awiri. Otsutsa nawonso nthawi zina ankakokomeza, makamaka ponena kuti mahekitala mamiliyoni onse a m'deralo alandidwa, pamene chiwerengerocho chinali kukula kwa dera lonse la pulaniyo. Ndiponso kutha kwa ProSAVANA sikunali phwando kwa mlimi wa ku Mecanhelas. Iye anafuna mlangizi, mbeu yabwino, mseu wodutsika nthawi ya dzinja ndi msika wa mtengo wabwino, ndipo zaka khumi ndi chimodzi zinathera m'mikangano imene ikanapeweka chikhala kuti funso la malo linafufuzidwa poyera pachiyambi pomwe.

Niassa inali itaonapo zotere. Mu 1996 pangano la Mosagrius linabweretsa alimi achizungu a ku South Africa kudzatsegula minda m'chigawochi, ndipo patapita zaka zowerengeka pafupifupi onse anali atapita, atagonja ndi misewu yoipa, kutalika kwa misika ndi kusowa kwa ngongole. Cha m'ma 2005 kunabwera makampani odzala paini ndi bulugamu. Yotchuka inali Chikweti, imene ndalama zake zinachokera ku mipingo ya ku Sweden ndi Norway ndiponso ku thumba la penshoni la ku Netherlands. Eni ndalamawo anali ndi zolinga zabwino pa pepala. Koma boma litatumiza ofufuza mu 2010, anapeza kuti kampaniyo inali pa mahekitala 32,000 popanda chilolezo choyenera. Kafukufukuyo ananena zoona, kungoti anafika mitengo itamera kale m'matsala a anthu, ndipo mu 2011 ku Licole, m'boma la Sanga, anthu okwiya anazula ndi kudula mitengo ya kampaniyo.

Nkhani ya mbatata yofiira m'kati inayenda mosiyana, ndipo ndiyo yoyenera kuimvetsa bwino, chifukwa ikusonyeza m'mene kufufuza koona kumachitikira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunapezeka kuti ana pafupifupi 69 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Moçambique anali operewera vitamini A m'thupi. Mwana wotere amadwaladwala, chikuku ndi kutsegula m'mimba zimamugwetsa msanga, ndipo ena saona bwino kukada. Mbatata yoyera imene anthu anazolowera ilibe vitamini ameneyu, pamene yofiira m'kati ili naye wambiri. Zinali zosavuta kuti nduna ingoimirira ndi kulamula kuti aliyense adzale yofiira. Ofufuza anayamba ndi kufunsa ngati anthu angailime, ngati ana angaidye, ndiponso ngati kudyako kungasinthedi kanthu m'magazi.

Mu 2003 ndi 2004, m'maboma a Mopeia, Namacurra ndi Nicoadala ku Zambézia, mabanja ena analandira mbeu ya mbatatayo pamodzi ndi maphunziro a kadyetsedwe ka ana, pamene mabanja a m'midzi ina yofanana nayo sanalandire. Magazi a ana anayezedwa poyamba ndi pomaliza, mbali zonse ziwiri. Kuyerekezako ndiko mtima wa nkhani yonse. Mvula ikagwa bwino ana onse amanenepa, kaya kuli pulojekiti kaya kulibe, ndipo woyang'ana mudzi umodzi wokha angatamande pulojekiti pa zimene inachita ndi mvula. Poyerekeza midzi ya mbali ziwirizo, kunaoneka kuti kuperewera kwa vitamini A kunatsika kumene kunali mbatata yofiira.

Kuyambira 2006 mpaka 2009 kuyesako kunakulitsidwa, ndipo limodzi la maboma amene analowamo linali Milange, la m'malire ngati Mandimba. Ulendo uno magulu a alimi anasankhidwa mwa maere kuti pasakhale kukondera, ndipo panayesedwa njira ziwiri: ina ya maphunziro ambiri obwerezabwereza, ina yaifupi ndi yotsika mtengo. Zotsatira zinasonyeza kuti vitamini A amene amai ndi ana ankalandira m'chakudya anakwera kwambiri, ndipo njira yotsika mtengo inagwira ntchito mofanana ndi yodulayo. Mau amenewa ndi ofunika kwa nduna ya za chuma kuposa malipoti khumi a mapepala onyezimira, popeza akutanthauza kuti ndi ndalama zomwezo boma lingafikire midzi yambiri. Atabwereranso ku ziwerengerozo, ofufuza anapezanso kuti ana odya mbatatayo ankatsegula m'mimba mocheperapo.

Pali mbali ina imene sitchulidwa kawirikawiri. Mitundu yoyamba ya mbatata yofiira, monga Resisto wochokera ku America, inkabereka bwino mvula ikakhalapo, koma kholowa yake inkauma m'chilimwe, ndipo mlimi wopanda dimba ankapezeka alibe mbeu mvula ikagwa. Ena ankadandaula kuti ndi yamadzimadzi, siikhuta ngati ya makolo. Madandaulo amenewa sanatengedwe ngati umbuli wa anthu akumudzi. Anatengedwa ngati umboni, ndipo Dr. Maria Andrade, katswiri wochokera ku Cabo Verde amene anayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 1996, pamodzi ndi anzake a bungwe la CIP ndi a IIAM anayamba kubereketsa mitundu yatsopano m'Moçambique momwe muno, alimi akulawa ndi kusankha. Mu 2011 kunatulutsidwa mitundu 15 yopirira chilala, ina mwa iyo Irene, Delvia, Sumaia, Bela ndi Gloria. Pofika 2013 mbeuyi inali ikugawidwa m'maboma a Niassa ndi thandizo la dziko la Ireland, ndipo mu 2016 Dr. Andrade ndi anzake atatu analandira mphotho ya World Food Prize. Kuchokera pa kuyesa koyamba kufika pa kugawa ku Niassa panadutsa zaka khumi, nthawi pafupifupi yofanana ndi imene ProSAVANA inathera m'mikangano.

Anthu a m'malire ali ndi chitsanzo china chowakhudza m'thumba mwenimweni. Kuyambira 1991 unduna wa za ulimi, mothandizidwa ndi yunivesite ya Michigan State ya ku America, unayamba kulemba mitengo ya mbeu m'misika sabata ndi sabata, ntchito yotchedwa SIMA. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 chimanga chambiri cha kumpoto chitayamba kuwolokera ku Malawi, panamveka mau akuti malire atsekedwe kuti chakudya chisathe m'dziko. Ofufuza atayang'ana mitengo imene inalembedwa anasonyeza kuti malondawo ankakweza mtengo umene mlimi wa kumpoto ankalandira, ndiponso kuti kunyamula chimanga cha kumpoto kupita nacho ku Maputo kunali kodula kwambiri, kotero kuti kutseka malire kukanangogwetsa mtengo kwa mlimi popanda kudyetsa mzinda. Boma la ku Maputo linasiya njirayo yotseguka, ngakhale kuti akuluakulu ena a m'maboma nthawi zina ankaika ziletso zaozao. Mnyamata wokankha njinga ya matumba atatu kulowera ku Chiponde mwina sadziwa kuti munthu wina wokhala ndi kope pa msika anamuthandiza.

Wina anganene kuti kuyerekeza mbatata ndi ProSAVANA n'kosalungama, ndipo ali ndi mfundo. Mbatata silanda munda wa munthu, ndipo palibe kampani kapena wandale amene amataya kanthu ana akadya mbatata yofiira, choncho n'chapafupi kumvera umboni. Pa nkhani ya malo pamakhala ndalama zambiri ndi anthu amphamvu amene zotsatira zina siziwakomera. Koma zimenezi zikungolimbikitsa mfundo yakuti pa nkhani zotere kufufuza kuyenera kuchitika poyera, kusanasainidwe kanthu, ndiponso kochitidwa ndi anthu amene malipiro ao sadalira kuti pulaniyo ivomerezedwe. Kampani imene yalembedwa ntchito yokonza pulani siingakhalenso mboni yonena ngati pulaniyo ndi yabwino.

Ena amati njala siidikira ofufuza. Zoona, chaka cha chilala kapena madzi osefukira chimanga chigawidwe msanga popanda mafunso ambiri. Koma pulani yosintha kalimidwe ka maboma 19 kwa zaka makumi awiri si nkhani ya mwadzidzidzi, ndipo amene amathamangitsa anthu kusaina ponena kuti mwai ukupita kawirikawiri amakhala ndi chifukwa chake chofulumirira. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, akuluakulu anatero, koma mwini mutu ndiye ayenera kuvomera kumetedwa ataona m'mene kalumoko kanametera ena.

Lamulo linapereka kale poyambira. Lamulo la Malo la 1997 linavomereza kuti mudzi kapena banja lokhala pa malo mwa mwambo lili ndi ufulu pa malowo ngakhale lilibe pepala la DUAT, ndiponso kuti umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi ndi wovomerezeka. Linalamulanso kuti mudzi ufunsidwe malo asanaperekedwe kwa wina. Mu 2014 kunabwera lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha ndi kulandira zolemba za boma, ndipo ndi mzimu wa lamulo limeneli umene unapambana m'bwalo la milandu mu 2018. Chimene chimasowa pa msonkhano wa pansi pa mtengo ndi mafunso. Amfumu ndi nduna zao ali ndi ufulu wofunsa kuti ntchito yobwerayo inayesedwa kuti, inayerekezedwa ndi midzi iti imene sinalandire, anayeza ndani, ndipo amene anayezayo analipidwa ndi yani. Angapemphenso kuti anthu awiri kapena atatu a m'mudzimo, mai mmodzi akhalepo, apite kukaona ndi maso kumene ntchitoyo inayamba kale, akacheze ndi alimi a kumeneko popanda bwana wa pulojekiti kuimirira pambali. Msonkhano wa tsiku limodzi wothera pa zakumwa ndi kudinda chala pa pepala losawerengedwa si kufunsa mudzi.

Nalo boma la chigawo lili ndi mbali yake. Niassa tsopano ili ndi ophunzira ake: sukulu ya ukachenjede ya za ulimi ya Yunivesite ya Katolika ku Cuamba, ya UniLúrio ku Unango, ndi malo ofufuzira a IIAM pa Lichinga. Palibe chifukwa chakuti kafukufuku wa minda ya ku Ngauma alembedwe m'Chingerezi, asungidwe ku Tokyo, Brasília kapena Washington, pamene mlangizi wa ku Ngauma sanamuonepo. Bungwe lililonse lopempha chilolezo chofunsa mafunso m'midzi liyenera kulonjeza polemba kuti lidzasiya zotsatira ku ofesi ya za ulimi ya bomalo ndi ku masukulu amenewa, ndi kuti lidzabwerera kukazifotokoza m'Chinyanja, m'Chiyao kapena m'Chimakua. Mawailesi a m'maboma monga a ku Mandimba, Cuamba ndi Metangula angachite zimenezi pa mtengo wochepa kuposa mafuta a galimoto yoyera ija. Lobwera kachiwiri lisanabweze mayankho a ulendo woyamba liyambe lafotokoza chifukwa chake.

Mapulani atsopano sadzaleka kubwera. ProSAVANA itangotha mu 2020, ndondomeko ya SUSTENTA, imene inayambira ku Nampula ndi Zambézia mu 2017 ndi ndalama za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, inafalitsidwa m'dziko lonse, ndipo ofufuza a bungwe la OMR ku Maputo anakhala akufunsa ngati ziwerengero za zokolola zimene zinkalengezedwa zinali zodalirika. Njanji ya Cuamba mpaka Lichinga inakonzedwanso mu 2016, mseu wa phula unafika, ndipo malo amene kale anali kutali ndi msika tsopano akuyang'anidwa ndi maso ambiri. Alendo otsatira akafika ku Mandimba, ku Mecanhelas kapena ku Lago ndi mapu ao, pa mapupo padzakhala madera obiriwira olembedwa kuti ndi opanda ntchito, ndipo padzafunika munthu wa m'mudzimo woti aloze ndi chala ndi kutchula dzina la banja limene linagoneka tsala lililonse, ndi chaka chimene likuyembekeza kulitsegulanso.